Momwe mungalembere ndemanga ya buku la milandu ndi matsenga a m'tauni

Mu 1929 wansembe wa Katolika wa ku England, Ronald Knox, yemwe ankalembanso nkhani za ofufuza milandu, adaika malamulo khumi oti olemba anzake azitsata. Lachiwiri lidakaniza mizimu ndi matsenga: wakupha azigwidwa ndi nzeru za munthu, osati ndi ula. Lero kuli mulu wa mabuku omwe adaliphwanya dala lamulolo. Wofufuza mlandu ndi wamatsenga, mboni ndi mzukwa, ndipo zonse zikuchitikira m'tauni ya mabasi, mabala ndi ma ofesi a polisi. Ogulitsa mabuku amawaika pa shelefu ya urban fantasy kapena paranormal crime.

Ndemanga zambiri zomwe owerenga amalemba pa mabuku amenewa sizithandiza. Wina amangoti "buku ili ndi moto", nyenyezi zisanu, basi. Wina amakhuthula nkhani yonse mpaka dzina la wakupha. Onsewa amasiya funso lomwe munthu wofuna kugula bukulo ali nalo: poti mlembiyu walowetsa matsenga mu mlandu, kodi wasewera nafe mwachilungamo? Ndemanga yoyankha funso limeneli imalembedwa motere.

1. Werengani buku lonse, cholembera chili m'manja

Kandimverere adakanena za m'maluwa. Musalembe za buku lomwe mwangomva kwa mnzanu kapena mwangoonera filimu yake. Ngati lakukanikani panjira, si mlandu, koma nenani poyera mutu womwe mudalekera.

Powerenga, sungani kapepala. Muzilemba zinthu ziwiri zokha pamodzi ndi nambala ya tsamba: pamene mlembi wanena zomwe matsenga angathe kapena sangathe kuchita, ndi pamene mukuona ngati wakugwetserani chizindikiro cha wolakwa. Mukafika pakati pa buku, lembani dzina la amene mukumuganizira kuti ndiye wapha. Dzinali mudzalifuna kutsogoloku.

2. Pezani malamulo a matsengawo, muone ngati mlembi wawasunga

Apa ndiye pagona nkhani. Matsenga ongotha chilichonse amapha mlandu usanayambe, chifukwa wofufuza akhoza kungodzutsa malemu n'kuwafunsa kuti wakuphani ndani. Mlembi wodziwa ntchito yake amayamba wawamanga miyendo matsengawo.

Onani Rivers of London, buku la Ben Aaronovitch la 2011. Wapolisi wachinyamata, Peter Grant, akulondera malo omwe munthu waphedwa ku Covent Garden mumzinda wa London, ndipo mboni yomwe ikumuyandikira usikuwo ndi mzukwa. Umboni wa mzukwa sungapite ku khoti. Kuonjezera apo, m'bukumo matsenga amaononga foni ndi zipangizo zamagetsi zomwe zili pafupi, ndipo wowagwiritsa ntchito mopyola muyezo amadziononga ubongo. Motero Grant akuyenerabe kuunika zithunzi za makamera a mumsewu, kufunsa anthu ndi kulemba malipoti ngati wapolisi wina aliyense.

Mu Zoo City, buku la Lauren Beukes wa ku South Africa lomwe lidatuluka mu 2010 n'kupata mphoto ya Arthur C. Clarke mu 2011, mtengo wa matsenga ndi woopsa kuposa apo. Munthu amene wachita choipa chachikulu amangopezeka ali ndi nyama yoti aziyenda nayo moyo wake wonse. Nyamayo imabwera ndi luso limodzi lokha. Mpangankhani wamkulu, Zinzi December, amayenda ndi sloth kumsana, kanyama kaulesi kolendewera m'mitengo, ndipo luso lake ndi lopeza zinthu zotayika. Akatalikirana ndi kanyamako amamva ululu, ndipo nyama ya munthu ikafa, mdima umabwera kudzatenga mwini wake. Aliyense womuona mumsewu amadziwiratu kuti uyu ali ndi mbiri.

Nalo Storm Front la Jim Butcher, la 2000, lidaika lamulo loti wopha munthu ndi matsenga aphedwe. Harry Dresden, wofufuza wamatsenga wa ku Chicago, akulu a bungwe la amatsenga amamukayikira kale pa nkhani ngati yomweyo. Ndiye anthu akayamba kufa ndi matsenga mumzindamo, chala choyamba chikuloza iye yemwe akufufuzayo.

Tengani kapepala kanu muyankhe: matsengawa amalipiridwa ndi chiyani? Angawachite ndani? Chimene sangathe n'chiyani? Kenaka pitani pampondachimera pa nkhani muone ngati malamulo aja akugwirabe ntchito. Mukapeza kuti mpangankhani wapanikizika ndipo mwadzidzidzi watulutsa mphamvu yomwe sidatchulidwepo m'masamba 300 apitawo, mlembi wabera. Zili ngati kusewera bawo ndi munthu amene akuti akaona kuti akudyedwa, akukuuzani kuti kwawo amaloleza kutapa kawiri. Zimenezi zilowe mu ndemanga yanu, ndipo munene kuti zachitika chakumapeto, osafotokoza kuti zachitika bwanji.

Khutu la zimenezi tili nalo kale ife amene tidakula tikumva za malichero ouluka usiku. Ngakhale m'nkhani zimene zija mudali malamulo: lichero likadutsa pa nyumba yotsirika limagwa, ndipo kukacha ulendo usanathe, wokwerayo amapezeka poyera. Wofotokoza akaiwala lamulo lake lomwe, ana omwe amamugwira bodza.

3. Chotsani matsenga, muone mlandu wotsalawo

Yerekezani kuti mizukwa ndi zithumwa zonse zachoka. Kodi patsala mlandu womveka? Wakupha ayenera kukhala ndi chifukwa chomwe munthu angachimvetse: ndalama, nsanje, kubwezera, mpando. "Adapha poti ndi chiwanda" si chifukwa, ndi ulesi wa mlembi.

Tsopano bwererani ku dzina lija mudalemba muli pakati. Ngati mudalasa mosavuta, mlandu udali wofewa, ngakhale bukulo likhoza kukomabe pa zina. Ngati mudaphonya, koma pobwerera m'mbuyo mukuona kuti zizindikiro zidalipo, inu ndi amene simudaziwerenge bwino, mlembiyo mumuombere m'manja. Palibe chokoma kuposa chimenechi m'mabuku a mtundu uno. Koma ngati mudaphonya chifukwa wolakwayo wangotulukira m'mutu womaliza ngati mlendo wa pa maliro yemwe palibe akumudziwa, nenani kuti owerenga sadapatsidwe mpata.

Muonenso ntchito ya wofufuzayo. Kodi iyeyo ndi amene walumikiza zinthu, kapena mayankho amangomupeza ali khale?

4. Funsani ngati mzindawo uli moyo

Mayeso ake ndi achidule: nkhaniyi itasamutsidwa kupita mumzinda wina, chingasinthe n'chiyani? Zoo City simungaichotse ku Hillbrow, dera la mumzinda wa Johannesburg, ndi nyumba zake zosanjikizana zothithikana anthu, othawa nkhondo ochokera ku Congo, ndi makalata achinyengo a pa intaneti omwe Zinzi amalemba kuti abweze ngongole. Amene mudakhalako ku Joni muli ndi mwayi woweruza ngati Beukes adaujambula bwino mzindawo, ndipo ndemanga yotero ndi yosowa. Kwa Aaronovitch, mitsinje ya London ndi anthu: Mama Thames ndi mayi wochokera ku Nigeria, ndipo ana ake aakazi ali ndi maina a timitsinje monga Tyburn ndi Fleet. Buku lomwe mzinda wake ndi dzina chabe, litchuleni choncho.

5. Lembani

Mawu 200 mpaka 400 ndi okwana. Yambani ndi dzina la buku, mlembi, chaka, komanso ngati lili loyamba kapena lachingati mu mndandanda wake, pakuti mabuku amenewa kawirikawiri amabwera ambiri otsatizana ndipo woyambira pakati amasochera. Fotokozani chiyambi cha nkhani m'ziganizo zitatu, osapyola zomwe zalembedwa kuchikuto. Malo otsalawo ndi a chigamulo chanu.

Chigamulo chilichonse chiyende ndi umboni wake. Taonani kusiyana kwa izi:

"Matsenga ake ndi osamveka ndipo mathero adandikhumudwitsa."

"Kumayambiriro tikuuzidwa kuti mzimu sungaoloke madzi oyenda, ndipo wofufuza akupulumuka kawiri chifukwa cha lamulo limeneli. Chakumapeto mzimu womwewo ukuoloka mlatho, ndipo palibe akufunsa kuti zatheka bwanji."

Yoyambayo ikutiuza za mtima wanu. Yachiwiriyo ikutiuza za buku, ndipo wina angathe kukutsutsani ndi tsamba lake. Muzisiyanitsanso chimene sichikukomerani inu ndi chimene chalakwika. Ngati simukonda nkhani zachikondi ndipo theka la buku ndi chibwenzi cha wapolisi ndi chilombo, nenani kuti si zanu, pakuti ena akufuna zomwezo. Koma ngati mkazi aliyense wolowa m'nkhani akuyamba wafotokozedwa thupi asanayankhule, chimenecho ndi chofooka cha kalembedwe, ndipo owerenga ambiri amadandaula nacho pa mabuku oyambirira a Dresden.

Chenjezani za magazi, nkhanza ndi zogonana ngati zilimo zambiri. Makolo ena amagulira ana awo mabuku amenewa poona chikuto chokongola.

6. Bisani mathero

Dzina la wakupha, amene wafa chakumapeto, ndi amene wapezeka kuti si munthu, zonsezi si zanu zoulula. Ngati simungathe kufotokoza dandaulo lanu popanda kuzitchula, pa Goodreads, tsamba la pa intaneti la ndemanga za mabuku, pali poti mudinde kuti ndemanga yonse ibisike mpaka wowerenga atafuna yekha kuitsegula. Pa Facebook ndi pa WhatsApp palibe zotere, choncho lembani chenjezo pamwamba penipeni, musiye mizere ingapo, kenaka muyambe.

7. Perekani nyenyezi, mutumize

Goodreads, yomwe idayamba mu 2007 ndipo Amazon idaigula mu 2013, imalola nyenyezi imodzi mpaka zisanu, popanda theka. Kumeneko nyenyezi zitatu zimatanthauza kuti buku mwalikonda, osati kuti lalephera, ndiye musachite manyazi kuzipereka. The StoryGraph, tsamba lina lotere, imalola theka ngakhale kota. Ine ndimati zisanu zisungidwire buku lomwe lapambana mayeso onse awiri, a matsenga ndi a mlandu. Lokoma kuwerenga koma lobera pamapeto lisapyole zitatu.

Ngati bukulo mudalandira ulere kwa mlembi kapena wosindikiza, kapena mlembiyo ndi mnzanu, nenani m'chiganizo choyamba. Weruzani buku, osati mwini wake, ndipo ndemanga yodzudzula musamutumizire mlembi pomutchula dzina pa tsamba lake. Komanso mfiti ya m'buku ikhale ya m'buku momwemo. Nthabwala yoti mpangankhani wakuti akufanana ndi agogo akutiakuti a m'mudzi mwanu isalowe: ku Malawi lamulo la Witchcraft Act la 1911 lidaika kuti kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, ndipo okalamba akhala akuvulazidwa chifukwa cha mawu otere.

Musanatumize, werengani ndemangayo mokweza kamodzi, muone kalembedwe ka maina a apangankhani poyerekeza ndi m'buku, ndipo mufufute chiganizo chilichonse chomwe chingakwanire pa buku lina lililonse. Wina akakutsutsani m'munsimo, mufunseni tsamba.