Mmene mungadziwire zaka ndi mtengo wa ndodo yakale ya pulu

M'nyumba zina za ku Tete, Moatize, Songo ndi Ulongwe muli ndodo za pulu, zimene ambiri kuno timazitchula kuti taco, zosiyidwa ndi makolo amene anagwirapo ntchito m'makalabu a Apwitikizi, pa damu la Cahora Bassa limene linamangidwa kuyambira 1969 mpaka 1974, kapena ku migodi ya ku Joni. Munthu akaitulukira ndodo yotere kuseri kwa kabati, maganizo amene amamufikira msanga ndi oti aipale ndi sandipepa ndi kuipaka vanishi kuti iwale. Musatero ayi. Anthu osonkhanitsa ndodo zakale amalipirira utoto wake woyambirira, zilembo zake ndi ulusi wa pogwirira, ndipo zonsezi zimatha kufufutika pa ola limodzi la munthu wakhama. Ipukuteni ndi kansalu kouma basi, kenako muyambe kuifufuza.

Choyamba n'kudziwa kumene ndodoyo inachokera, ndipo tepi ya telala ndi sikelo ya m'khitchini n'zokwanira. Ndodo za ku America zimapangidwa ndi mtengo woyera wa maple umene mizere yake sioneka kwenikweni, kunsonga zimakhala pafupifupi mamilimita 13, kutalika kwake ndi mainchesi 57 kapena 58, kutanthauza masentimita 145 mpaka 147, ndipo zambiri zimalemera magalamu 510 mpaka 595. Za ku Britain ndi za mtengo wa ash umene mizere yake imaoneka ngati mitu ya mivi, nsonga yake ndi yaing'ono, mamilimita 8 mpaka 10, yovekedwa kamphete ka mkuwa, ndipo kumatako kwake kumakhala kosemedwa mbali imodzi pamene amamatapo kachapa ka dzina. Popeza chigawo chathu chazingidwa ndi Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, maiko amene anali pansi pa Angelezi, ndikuona kuti mtundu wachiwiriwu ndi umene mungaupeze kawirikawiri.

Mukadziwa mtundu wake, yang'anani pamene mtengo wakuda wa chakumatako walumikizana ndi woyera. Pamenepa pamakhala timalilime, kawirikawiri tinayi, tolowerera m'mwamba, ndipo ndi pomwe ambiri amasokonezeka chifukwa mitundu iwiri ija imawerengedwa mosiyana. Pa ndodo ya ku Britain, timalilime tozungulira kunsonga timasonyeza kuti mmisiri anapala ndi kumata matabwawo ndi manja, pamene tosongoka ngati mkondo ndi ta makina, ndipo ya manja ndiyo yodula. Pa ndodo ya ku America zili mozondoka. Tosongoka bwino, tokhala ndi timizere ta matabwa opyapyala amitundumitundu m'mbali, ndi luso lakale lolowetsa mtengo mu unzake, pamene tozungulira kunsonga timasonyeza kuti makina anagoba kadzenje n'kuikamo kathabwa, njira imene inafala kuyambira m'ma 1980. Tengani galasi lokuza zinthu muone ngati mizere ya mtengo woyera ikupitirira pansi pa kalilime kakudako. Ngati ikupitirira, ndiye kuti ndi utoto kapena pepala lomata, ndipo ndodoyo ndi ya wamba ngakhale itakhala ya agogo.

Dzina la kampani limathandiza kuika malire a zaka. Kampani ya Brunswick inkadziwika kuti Brunswick-Balke-Collender kuyambira 1884 mpaka 1960, pamene inasintha kukhala Brunswick Corporation, choncho chizindikiro cha maina atatuwo chimaloza ku nthawi ya 1960 isanafike. Ndodo yawo yotchuka ya Titlist, yokhala ndi dzina la katswiri Willie Hoppe, inayamba kugulitsidwa m'ma 1940. Viking inayamba mu 1965, Joss mu 1968 ndipo McDermott mu 1975, motero wina akakuuzani kuti McDermott yake ndi ya nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, mudziwe kuti akukuphikani. Ku Britain maina oyenera kuwasamala ndi Thurston, Burroughes & Watts, E.J. Riley ya ku Accrington, ndi Peradon imene inayamba mu 1885. Komabe kachapa ka dzina kakhoza kuchotsedwa pa ndodo yothyoka n'kumatidwa pa ina, choncho onani ngati kakukwana bwino m'malo mwake ndiponso ngati palibe guluu watsopano m'mphepete.

Nkhani ya George Balabushka ikuonetsa bwino chifukwa chake dzina palokha si umboni. Iye anali mmisiri wa ku Brooklyn mumzinda wa New York amene anapanga ndodo kuyambira 1959 mpaka imfa yake mu 1975, ndipo zonse pamodzi sizinapitirire kwenikweni 1,200. Masiku ano yeniyeni imagulidwa madola masauzande ambiri. Chodabwitsa n'chakuti iye sankakonda kulemba dzina lake pa ndodo, pamene zopangidwa ndi kampani ya Adam ya ku Japan iye atamwalira, mwa chilolezo cha banja lake, zili ndi siginecha yooneka bwino. Choncho dzina limeneli likawala pa ndodo yanu, nthawi zambiri limatanthauza kuti si iye anaipanga. Ndi ndodo yabwino kusewerera, koma mtengo wake uli kutali ndi wa inayo.

Polumikizira pa ndodo ya zigawo ziwiri napo pamalankhula. Chitsulo cha mazinga ambiri chofuna kupotokola kangapo ndi kapangidwe kakale, pamene chomasuka mukangopotoza kamodzi chinabwera m'ma 1990. Chigawo chakutsogolo chakuda cha carbon fibre chinafala kuyambira 2016, ndiye chimenecho sitingachitchule chakale. Pogwirira pa ndodo zabwino za ku America pamakhala ulusi wa bafuta wokulungidwa mothina kapena chikopa, osati labala.

Zaka zikadziwika, unikani thanzi lake. Igubuduzeni pang'onopang'ono pa tebulo la pulu, chigawo chilichonse pachokha kenako cholumikiza, muone ngati nsonga ikudumphadumpha. Kuno vuto lalikulu ndi nyengo, chifukwa kutentha kwa mzinda wa Tete mu Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 40, pamene ku Angónia kumakhala chinyezi nthawi ya dzinja, ndipo ndodo imene yatsamira khoma pansi pa malata kwa zaka makumi awiri sikhala yowongoka. Kachikopa ka kunsonga kakatha si nkhani, popeza kamasinthidwa nthawi zonse. Mng'alu wa pa chigawo chakumatako, fumbwe, kapena ndodo imene wina anaidula kuti ifupike, zimagwetsa mtengo kwambiri.

Pali chinthu chimodzi chimene chingakulowetseni m'mavuto. Ndodo zina zakale zili ndi mnyanga wa njovu kunsonga, polumikizira kapena m'zokongoletsa. Mnyanga umadziwika ndi timizere topingasana tooneka pa galasi, timene pulasitiki ilibe. Malonda a minyanga pakati pa maiko analetsedwa ndi pangano la CITES, loteteza nyama ndi zomera zakuthengo, mu 1989, ndipo matabwa a rosewood a ku Brazil, amene amapezekanso pa ndodo zina zakale, anaikidwa pa chiletso chomwecho mu 1992. Musayese kudutsa nayo pa Zóbuè, Cuchamano kapena Cassacatiza, kapena kuitumiza kunja, musanafunse a ANAC amene amayang'anira zachilengedwe m'dziko muno.

Tsopano za mtengo. Ndalama imene wogulitsa walemba pa intaneti ndi chikhumbo chake chabe, ndiye inu fufuzani zimene anthu analipiradi. Pa eBay pali njira yoonetsera zinthu zogulidwa kale zokha. Pezani ndodo zitatu kapena zinayi za kampani yomweyo, nthawi yomweyo ndi thanzi lofanana ndi yanu, mutenge mtengo wapakati, muusinthe kukhala meticais, kenako muchotsepo ndalama zotumizira katundu wotalika mita ndi theka kuchoka ku Tete, zimene nthawi zina zimaposa mtengo wa ndodoyo. Ambiri adzapeza kuti yawo ndi ya pa tebulo la m'bala, yoyenera kugulitsa kwa osewera a kwathu konkuno.

Ngati zizindikiro zonse zikuloza ku mmisiri wodziwika, jambulani zithunzi zowala za nsonga, polumikizira, timalilime, chizindikiro ndi kumatako, mulembe kutalika ndi kulemera kwake, ndipo mutumize kwa akatswiri awiri osadziwana, makamaka amene sakufuna kuigula okha. Funsaninso akuluakulu a pabanja akadali moyo kuti ndodoyo inabwera liti, ndi ndani, kuchokera kuti, ndipo mulembe mayankhowo papepala. Lisiti yakale, bokosi lake loyambirira kapena chithunzi cha agogo atagwira ndodoyo muzisunge pamodzi nayo, ndipo ndodoyo muiike choimirira m'chikwama chake, m'chipinda chozizira, kutali ndi zenera.