Mukamva wina akuti "bullshit" kunjaku

Ku UK, ku America ngakhale ku Joni, sabata siyitha pantchito musanamve liwu limeneli. Kumasulira kwake ndi manyi a ng'ombe yamphongo, koma polinena palibe amaganiza za ng'ombe. Amatanthauza kuti zimene zanenedwazo ndi zamkutu, mbwerera, mwinanso bodza lamkunkhuniza. Mnzanu akamva kuti abwana asintha mashifiti osakuuzani, n'kunena kuti "that's bullshit", sakukutukwanani ayi. Akudandaula nanu limodzi kuti si chilungamo.

Nkhani imasintha liwulo likaloza inu. "You're bullshitting me" ndiye kuti mukundinamiza. Pakati pa anzanu ndi nthabwala chabe, koma zikachokera kwa bwana, dziwani kuti sakukhulupirira zimene mwamuuza.

Harry Frankfurt, yemwe anali mphunzitsi wa pa yunivesite ya Princeton, anatulutsa kabuku ka On Bullshit mu 2005. Iye ankati wabodza amachidziwa choonadi n'kuchibisa dala, pomwe wa bullshit alibe nacho ntchito, chake n'chakuti mumuone ngati dolo. Amene munakumanapo ndi akamberembere olonjeza ntchito ndi viza kunja kuno mukumudziwa munthu wotereyu.

Ku Britain mudzamvanso "bollocks". Kwenikweni ndi machende, koma amalinena potanthauza zopanda pake. Chosokoneza n'chakuti "the dog's bollocks" ndi kuyamikira chinthu kuti n'chapamwamba zedi, pomwe "bollocking" ndi kukalipiridwa koopsa. Ku South Africa ali ndi lawo la Chiafrikaans, "kak".

Langizo langa ndi lakuti mawuwa muziwamva, koma pakamwa panu asathamangirepo. Kwa ife salemera chifukwa si chinenero chathu, koma eni ake amawawerengera m'gulu la zotukwana. Mawailesi akanema a ku Britain amawapewa isanakwane 9 koloko usiku. Amene mumasamalira okalamba, mukawanena pamaso pa gogo kapena abale ake mutha kuitanidwa ku ofesi, ngakhale gogoyo atakhala kuti amatukwana kuposa inu. Musawalembe mu imelo kapena pa gulu la WhatsApp la kuntchito. Kufupikitsa kuti "BS" sikuchotsa fungo lake.

Mukafuna kutsutsa bwana, nenani kuti "I don't think that's right". Kwa anzanu "rubbish" kapena "nonsense" n'zokwanira, ndipo mwana akabwera nalo liwulo kuchokera kusukulu, mupatseni awiri omwewa kuti azigwiritsa ntchito.