Kukadya ku lesitilanti ya Ataliyana ya m'dera lanu ku America

Mmalawi amene wangofika kumene ku America, kaya ku South Bend, ku Dallas, ku Maryland kapena ku New Jersey, amatha miyezi yambiri akudya zophika yekha kunyumba, ndipo akadya kunja amangogula zonyamula pamanja. Koma tsiku limafika pamene mnzake wa kuntchito, banja la kumpingo kapena makolo a mnzake wa mwana wake amamuitana kuti akadye nawo pansi, ndipo kawirikawiri malo amene amasankha ndi lesitilanti yaing'ono ya Ataliyana ya m'deralo, yoyendetsedwa ndi banja limodzi, yokhala ndi zithunzi za agogo awo pakhoma ndi fungo la adyo lomveka kuyambira pakhomo. Ine ndimalimbikitsa aliyense kuvomera kuitanako, chifukwa chakudya cha malo amenewa chili pafupi ndi kadyedwe kathu kuposa mmene mayina ake amaonekera pa menyu. Chimene chimasokoneza mlendo ndi zinthu ziwiri, ndizo zimene zabisika m'mbale ndi ndalama zimene zimawonjezeka pa bilu.

Chakudya chimenechi chinabadwira ku America m'manja mwa anthu obwera ngati ife. Pakati pa 1880 ndi 1924, Ataliyana oposa 4 miliyoni anawoloka nyanja kupita ku United States, ambiri mwa iwo alimi osauka a kummwera kwa Italy, a ku Naples ndi midzi yozungulira, a ku Calabria ndi a pachilumba cha Sicily. Kwawo nyama inali ya pa chikondwerero chabe, koma ku America anaipeza yotsika mtengo poyerekeza ndi malipiro awo, choncho anayamba kuiika m'zakudya zimene kale ankaphika ndi masamba okha. Mabiringanya okazinga othira tomato ndi tchizi anasanduka chicken parmigiana, ndipo timibulu ta nyama timene ku Italy n'tating'ono tinakula n'kukwera pamwamba pa supageti. Anthuwa anakhazikika m'madera amene mpaka lero amadziwika ndi malesitilanti awo: Arthur Avenue ku Bronx, North End ku Boston, South Philadelphia, Federal Hill ku Providence, The Hill ku St. Louis ndi North Beach ku San Francisco. Lombardi's ya ku New York, imene anthu ambiri amaitchula kuti ndiyo malo oyamba ogulitsa pizza m'dzikolo, imawerengera chiyambi chake kuchokera mu 1905. N'chifukwa chake munthu amene anakhalapo ku Italy kwenikweni amadabwa ndi menyu ya ku America, popeza zambiri za mmenemo ku Rome kapena ku Milan sangazipeze.

Mukafika, musapite kukadzisankhira tebulo nokha. Imani pafupi ndi khomo mpaka wolandira alendo akufunseni kuti muli angati, ndipo iye ndi amene adzakukhazikeni. Lachisanu ndi Loweruka madzulo malo abwino amadzaza, choncho ndi nzeru kuimba foni kapena kusungitsa malo pa intaneti tsiku lisanafike, makamaka ngati muli oposa anayi. Mukasungitsa malo pa 7 koloko, fikani pa 7 koloko, chifukwa mukachedwa ndi mphindi khumi ndi zisanu kapena kuposerapo tebulo lanu likhoza kupatsidwa kwa ena. Malesitilanti ambiri a mabanja amatseka Lolemba, ndipo ena akale salandira khadi, amafuna ndalama za pamanja zokha. Zonsezi ndi bwino kuzifunsa pa foni yomweyo.

Madzi a pampopi ndi aulere ndipo amabwera ndi ayezi wambiri ngakhale m'nyengo yozizira, koma mukhoza kupempha opanda ayezi. Woperekera zakudya akakufunsani ngati mukufuna madzi a m'botolo, dziwani kuti amenewo ndi ogula. Buledi wa m'kadengu amene amabwera poyamba nthawi zambiri salipiritsa, koma garlic bread wolembedwa pa menyu ali ndi mtengo wake.

Menyu imayamba ndi tizakudya totsegulira, tolembedwa kuti antipasti kapena appetizers, kenako supu ndi saladi, kenako pasta, kenako entrées. Mawu omalizawa amasokoneza anthu amene anakhalapo ku South Africa kapena ku Ulaya, chifukwa ku America entrée ndiye chakudya chachikulu chenichenicho, monga nkhuku, nyama kapena nsomba. Simukakamizidwa kuitanitsa kuchokera m'gawo lililonse. Mbale imodzi ya pasta kapena entrée imodzi imakwanira munthu wamkulu, ndipo nthawi zambiri imatsala, popeza entrée imadzanso ndi supu kapena saladi ndi pasta yapambali. Ngati menyu yalemba kuti family style, ndiye kuti mbale iliyonse ndi ya anthu awiri kapena atatu, imaikidwa pakati ndipo aliyense amadzigawira. Kwa banja la Chimalawi kadyedwe kameneka ndi kozolowereka, ndipo n'kotsika mtengo kuposa kuti aliyense aitanitse yake.

Amene akulawa koyamba angayambe ndi msuzi wofiira wotchedwa marinara, umene ndi tomato, adyo, mafuta a olivi ndi timasamba tonunkhira, wosasiyana kwenikweni ndi msuzi wa tomato ndi anyezi umene timauyamba tikamaphika ndiwo. Chicken cacciatore ndi nkhuku yophikidwa mu tomato, anyezi ndi tsabola wobiriwira, ndipo mwa zonse za pa menyu ndiyo imakumbutsa kwambiri nkhuku ya kumudzi ya msuzi. Pasta e fagioli ndi supu ya nyemba yokhala ndi tipasta tating'ono, chakudya cha anthu osauka chimene chimakhutitsa. Pa masamba, funsani broccoli rabe kapena escarole, zimene amazikazinga ndi adyo: broccoli rabe imawawa pang'ono ngati mpiru, ndipo amene wakhala miyezi osadya ndiwo zamasamba zenizeni amaisangalalira. Amene amakonda tsabola apemphe tsabola wouma wosinja amene amakhala m'kabotolo, ngakhale kuti ukali wake sufika pa kambuzi, kapena aitanitse msuzi wa arrabbiata kapena fra diavolo.

Palinso polenta, imene ndikufuna kuti Mmalawi aliyense ailawe kamodzi. Ndi ufa wa chimanga, nthawi zambiri wachikasu ndi wosasalala ngati mgaiwa, wotakasidwa m'madzi owira mpaka utalimba. Ena amaibweretsa yofewa ngati phala lolimba, yothira batala ndi tchizi, ndipo ena amaisiya izizire n'kuidula zidutswa zokazinga kapena zowotcha. Kwawo kwenikweni kwa polenta ndi kumpoto kwa Italy, monga ku Bergamo ndi ku Veneto, choncho si lesitilanti iliyonse ya ku America imene imaiphika, popeza eni ake ambiri makolo awo anali a kummwera. Ikapezeka pamodzi ndi nyama ya msuzi, ndiye mbale yoyandikana kwambiri ndi nsima imene mungaipeze m'tauni yonseyo, kusiyana kwake n'kwakuti imadyedwa ndi foloko.

Nkhani ya zobisika m'mbale ndi yofunika kwambiri kwa abale athu achisilamu, a mpingo wa Seventh-day Adventist ndi ena onse amene sadya nkhumba. Nkhumba ili paliponse m'chakudya cha Ataliyana ndipo menyu siitchula ndi dzina lake. Prosciutto, pancetta, capicola, salami ndi soseji ya Chitaliyana ndi nkhumba, ndipo pepperoni wa pa pizza nthawi zambiri ndi nkhumba yosakaniza ndi ng'ombe. Mibulu ya nyama imene amati meatballs m'malo ambiri imapangidwa ndi ng'ombe, nkhumba ndi nyama ya thole pamodzi, chimodzimodzinso msuzi wa bolognese ndi nyama ya mu lasagna. Msuzi wofiira umene mabanja ena amautcha Sunday gravy umawira maola ambiri ndi nthiti kapena soseji ya nkhumba, kotero kuti ngakhale m'mbale mwanu musaoneke chidutswa cha nyama, msuziwo wakhudzana nayo. Carbonara imaphikidwa ndi nkhumba, ndipo ngakhale supu ya nyemba ija ena amaiyamba ndi pancetta. Choncho funsani molunjika ngati mu msuzi, mu supu kapena m'mibuluyo muli nkhumba, ndipo ngati woperekera zakudya sakudziwa, mupempheni akafunse kukhitchini. Funso lotere ku America ndi lachizolowezi ndipo palibe amene amakhumudwa nalo. Amene sadya zam'nyanja zopanda mamba apewe calamari, scampi, vongole ndi frutti di mare. Amene safuna mowa ngakhale wophikira adziwe kuti chicken marsala, piccata ndi francese zimaphikidwa ndi vinyo, ndipo penne alla vodka dzina lake likunena zoona. Pesto muli timbewu ta paini ndi tchizi, ndipo saladi ya Caesar nthawi zambiri muli tinsomba ta anchovy. Amene m'mimba mumawavuta akadya zamkaka asayambe ndi fettuccine Alfredo, chifukwa ku America msuzi wake ndi kirimu, batala ndi tchizi.

Mowa sagulitsa kwa munthu wosakwana zaka 21, ndipo akhoza kukufunsani chiphaso ngakhale muli ndi imvi, choncho tengani laisensi yoyendetsera galimoto kapena pasipoti. Ku New Jersey ndi ku Philadelphia malesitilanti ang'onoang'ono ambiri alibe chilolezo chogulitsira mowa ndipo amalemba kuti BYOB, kutanthauza kuti wofuna vinyo abwere ndi botolo lake.

Tsopano bilu, pamene ambiri a ife timakhumudwira. Mtengo wolembedwa pa menyu si ndalama zimene mudzalipire. Pamwamba pake pamabwera msonkho wa boma la deralo, umene umasiyana malinga ndi kumene muli: mu mzinda wa New York ndi 8.875 peresenti. Pamwamba pa msonkhowo pamabwera tipi, imene kwathu timaiona ngati mphatso yopereka munthu akafuna, koma ku America ndiyo malipiro enieni a woperekera zakudya. Lamulo la boma lalikulu limalola wolemba ntchito kulipira munthu wolandira tipi $2.13 yokha pa ola, ndalama imene sinasinthe kuyambira 1991, pamene malipiro otsikitsitsa a antchito ena ndi $7.25. Maboma ena monga California, Oregon, Washington ndi Minnesota amalamula kuti woperekera zakudya alandire malipiro otsikitsitsa athunthu, koma ngakhale kumeneko tipi imayembekezeredwa. M'malo ambiri woperekerayo amagawanso tipiyo ndi ochotsa mbale ndi ena ogwira nawo ntchito. Muyeso wamasiku ano ndi 18 mpaka 20 peresenti ya mtengo wa chakudya. Mwachitsanzo, ngati anthu awiri adya za $60 mu New York, msonkho ukhala pafupifupi $5.33, tipi ya 20 peresenti ikhala $12, ndipo zonse pamodzi zipitirira $77. Njira yosavuta ndi kuwonjezera pafupifupi 30 peresenti pa mtengo uliwonse umene mukuona pa menyu musanaitanitse.

Ndikudziwa kuti kwa munthu amene amatumiza ndalama kumudzi mwezi uliwonse, $12 imaoneka ngati matumba a ufa akaisintha m'makwacha. Komabe ndikunena mosabisa kuti kuchoka osasiya tipi ndi kumudyera munthu thukuta lake, ndipo ambiri a ife amene timagwira ntchito zolipidwa pa ola m'nyumba zosamalira okalamba kapena m'mafakitale tikudziwa kuwawa kwa ola losalipidwa. Ngati ndalama zachepa, itanitsani pasta m'malo mwa nyama ya thole, imwani madzi, pitani masana pamene mitengo ya nkhomaliro imatsika, kapena gulani pizza yonyamula, koma mukakhala pansi n'kutumikiridwa, tipi iwerengeni ngati gawo la mtengo. Chakudya chikakhala kuti sichinapse bwino kapena abweretsa chimene simunaitanitse, nenani nthawi yomweyo ndipo adzakusinthirani. Cholakwa cha kukhitchini musachilipiritse woperekera.

Bilu amaitcha check, ndipo imabwera patebulo. Iwerengeni musanalipire, chifukwa pa gulu lalikulu, loyambira anthu asanu ndi mmodzi kapena asanu ndi atatu, malo ambiri amaikiratu tipi, yolembedwa kuti gratuity kapena service charge, ndipo mukapanda kuona mudzalipira kawiri. Mukapereka khadi, m'malo ambiri amapita nayo n'kubwerera ndi timapepala tiwiri. Pa kapepala ka lesitilanti lembani tipi pa mzere wake, phatikizani, lembani zonse pamodzi ndi kusaina, kenako mukasiye patebulo, ndipo kapepala kotsalako ndi kanu. Ngati tipi mwasiya ya pamanja, lembani mawu akuti cash pa mzere wa tipi kuti usakhale wopanda kanthu. Musadabwe kuona kuti ndalama imene yachotsedwa ku banki yasintha patapita tsiku limodzi kapena awiri, popeza tipi imalowa pambuyo.

Kwathu woitana ndiye amalipira, ndipo mlendo akatulutsa chikwama zimakhala ngati chipongwe. Ku America mnzanu akati tiyeni tikadye, nthawi zambiri akutanthauza kuti aliyense alipira zake, pokhapokha atanena momveka kuti iye ndi amene alipire. Pitani ndi ndalama zokwanira mbale yanu, ndipo ngati mukufuna kuti aliyense alandire bilu yake, uzani woperekera zakudya pachiyambi musanaitanitse. Mukakhala kuti inu ndi amene mwaitana achikulire ochokera kumudzi, muuzeni woperekerayo mwakachetechete kuti bilu abweretse kwa inu.

Chakudya chikatsala, pemphani bokosi. Izi amachita aliyense, olemera ndi osauka omwe, ndipo m'malo amenewa mbale zimakhala zazikulu mwadala. Chiikeni mu firiji pasanathe maola awiri kuchokera pamene chinafika patebulo, ndipo mudye pasanathe masiku atatu kapena anayi. Nkhuku ya cacciatore yotsala, mukaitenthetsa mawa lake n'kuphika nsima, imakhala ndiwo yokwanira anthu awiri.