Mmene mungawerengere chuma chenicheni cha Marilyn Monroe ndi anzake a ku Hollywood

Mukafufuza pa intaneti kuti Marilyn Monroe anali ndi chuma chochuluka bwanji, mupeza nambala imodzi pansi pa mawu akuti net worth, kutanthauza chuma chimene munthu ali nacho ngongole zikachotsedwa. Kawirikawiri nambala imeneyo imakhala itaphatikiza zinthu zitatu zosiyana: ndalama zimene ankalandira akugwira ntchito, zimene anasiya tsiku limene anamwalira mu Ogasiti 1962, ndi zimene dzina lake lakhala likupezetsa anthu ena kuchokera nthawi imeneyo. Ndiye tengani pepala, muligawe patatu, ndipo musalole ndalama ya chigawo china kulowerera m'chinzake. Njira yomweyi imagwiranso ntchito kwa akatswiri ena achikazi a m'mafilimu a ku America a m'zaka za 1940 mpaka 1960.

Yambani ndi kontilakiti

Masiku amenewo kawirikawiri wosewera sankalipidwa malinga ndi mmene filimu yayendera malonda. Ankakhala wantchito wa kampani, monga 20th Century Fox, MGM kapena Warner Bros., pa kontilakiti ya zaka 7, n'kumalandira malipiro a pa sabata. Kontilakiti imene Monroe anasaina ndi Fox mu 1951 inayambira pa madola 500 pa sabata, n'kumakwera chaka ndi chaka.

Ambiri amalakwitsa pomwepa. Amachulukitsa 500 ndi masabata 52, n'kupeza madola 26,000. Koma makontilakiti ambiri a nthawi imeneyo ankalonjeza malipiro a masabata 40 okha pachaka. Masabata 12 otsalawo kampani inkatha kumupumitsa munthu osamupatsa kalikonse. Ngati kontilakiti imene mukuyiona ili ya mtundu umenewu, chaka chimenecho mulembe madola 20,000.

Yang'ananinso liwu lakuti option. Tanthauzo lake n'lakuti pakatha miyezi 6 kapena chaka, kampani yokha ndiyo inali ndi mphamvu yopitiriza kontilakiti kapena kuithetsa. Wosewerayo analibe chonena. Monroe zinamuonekera kawiri asanatchuke: Fox inamusiya mu 1947 pa kontilakiti yake yoyamba, ndipo kampani ya Columbia inamusiyanso mu 1948 atangogwira miyezi 6. Miyezi ya pakatiyi musaidzaze ndi malipiro ongoganizira. Chimodzimodzi nthawi imene anaimitsidwa ntchito. Wosewera akakana filimu imene wapatsidwa, kampani inkamuimitsa osamulipira, ndipo n'zimene Fox inachita kwa Monroe mu Januwale 1954. Kale miyezi yoimitsidwayo ankaiwonjezera kumapeto kwa kontilakiti, moti zaka 7 zinkatha kutalika n'kukhala 8 kapena 9. Khalidwe limeneli linatha mu 1944 Olivia de Havilland atawina mlandu wake ndi Warner Bros. m'khoti la ku California. Choncho ngati mukuwerengera munthu wa m'zaka za 1930, yembekezerani kuti kontilakiti yake inapitirira tsiku limene linalembedwa papepala.

Palinso kubwereketsana. Kampani inkatha kubwereketsa wosewera wake ku kampani ina pa mtengo waukulu, ndalamayo n'kulowa m'thumba la kampani, mwiniwakeyo n'kumangolandirabe za pa sabata zija. Mukawerenga m'nyuzipepala yakale kuti kampani yakutiyakuti inalipira ndalama zakuti kuti ipeze wosewera uyu, funsani kaye kuti cheke chinalembedwa m'dzina la ndani.

Mu 1953 munatuluka mafilimu atatu a Monroe amene anayenda malonda kwambiri, koma iye ankalandirabe malipiro a pa sabata. N'chifukwa chake kumayambiriro kwa 1955 anatsegula kampani yakeyake, Marilyn Monroe Productions, pamodzi ndi wojambula zithunzi Milton Greene, iye n'kutenga magawo opitirira theka pang'ono. Pofika kumapeto kwa chaka chomwecho Fox inagonja n'kuvomera kontilakiti yatsopano: mafilimu anayi m'zaka 7, iliyonse madola 100,000. Musathamangire kulemba 400,000. Werengani mafilimu amene anathadi pansi pa kontilakitiyo. Bus Stop inatuluka mu 1956, Let's Make Love mu 1960, pamene Something's Got to Give inathera panjira Fox itamuchotsa mu Juni 1962. Ndalama ya m'kontilakiti imasanduka chuma pokhapokha ntchito itagwiridwa ndipo cheke chitatuluka.

Kumene kuli ndalama zenizeni ndi ku maperesenti. Pa Some Like It Hot ya 1959, Monroe anapatsidwa maperesenti 10 pamwamba pa malipiro ake, ndipo filimuyo inapitiriza kubweretsa ndalama iye atamwalira kale. Paliponse pamene mwaona peresenti, fufuzani ngati ili ya gross kapena ya net. Gross ndi ndalama zimene zalowa kwa wogulitsa filimuyo asanachotsepo zambiri. Net ndi zotsala kampani itachotsa mtengo wojambulira, wotsatsira malonda, chiwongoladzanja ndi gawo lake logulitsira, ndipo m'mabuku a kampani zotsalazo zimatha kukhala ziro ngakhale filimuyo itadzadzitsa maholo. Onaninso ngati peresentiyo inkayamba kuwerengedwa pa dola yoyamba kapena filimuyo itadutsa kaye mlingo winawake.

Za pa TV n'zachidule. Bungwe la osewera la Screen Actors Guild litanyanyala ntchito mu 1960, motsogoleredwa ndi Ronald Reagan, anagwirizana kuti osewera azilandira kangachepe filimu ikaonetsedwa pa TV, koma pa mafilimu opangidwa kuyambira 1960 okha. Pa mafilimu akale makampani anangopereka ndalama ku thumba la penshoni. Choncho mafilimu onse a Monroe a m'ma 1950, ngakhale aonetsedwe kangati, musawalembere ndalama ya mtundu umenewu.

Chotsani zimene sizinafike m'manja mwake

Choyamba kuchoka ndi maperesenti 10 a ejenti. Pa madola 100,000 patsala 90,000. Kenako loya, woyendetsa ndalama, mlembi ndi wofalitsa nkhani, aliyense ali ndi gawo lake.

Msonkho ndi umene umasokoneza anthu. Mumva kuti kuyambira 1954 mpaka 1963 msonkho wapamwamba ku America unali maperesenti 91. N'zoona, koma maperesentiwo sankadula ndalama yonse. Ankakhudza gawo lokhalo lopitirira madola 200,000 kwa munthu wosakhala pabanja, kapena 400,000 kwa banja lolipira limodzi. Pansi pake msonkho unkakwera pang'onopang'ono ngati makwerero. Munthu wosakwatiwa amene ndalama yake yoyenera kudulidwa msonkho inali madola 100,000 ankalipira madola 67,320. Banja lolipira limodzi pa ndalama yomweyo linkalipira 53,640, chifukwa lamulo linkaigawa pawiri n'kuiwerengera ngati 50,000 kwa aliyense. Kusiyanaku n'kwa madola 13,680, ndiye muyenera kudziwa ngati munthuyo anali pabanja chaka chimene mukuwerengeracho. Monroe anali mkazi wa Joe DiMaggio mu 1954, kenako wa Arthur Miller kuyambira Juni 1956 mpaka Januwale 1961.

Msonkho womwewu ndi umene unachititsa akatswiri ambiri kutsegula makampani awoawo. Kampani inkalipira maperesenti 52 pamwamba penipeni, ndipo phindu logulitsa katundu kapena magawo amene munthu wakhala nawo kwa nthawi linkadulidwa maperesenti 25 okha. Mukapeza kuti ndalama inalipiridwa ku kampani ya wosewerayo, musaiwerengere ngati malipiro ake. Chotsani msonkho wa kampani, chotsani gawo la mnzake wa bizinesi, ndipo chotsalacho ndicho chake.

Osaiwala anthu amene ankadalira iye. Mayi ake a Monroe, a Gladys, anakhala zaka zambiri ku chipatala cha Rockhaven ku California kuyambira 1953, ndipo ankalipira ndi mwana wawoyo.

Funso lina lofunika kwambiri, limene mawebusayiti a net worth safunsa n'komwe, ndi lakuti: ankasaina macheke ndani? Doris Day anali pakati pa osewera olipidwa bwino kwambiri kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. Mwamuna wake Martin Melcher atamwalira mu 1968, anapeza kuti ndalama zake zinatha ndipo ali m'ngongole. Mu 1974 khoti linagamula kuti loya Jerome Rosenthal, amene ankayendetsa ndalama zake pamodzi ndi Melcher, amulipire madola opitirira 22 miliyoni, koma zimene analandiradi zinali zochepa kwambiri poyerekeza ndi chigamulocho. Wina akanangowonkhetsa malipiro a mafilimu ake akanalakwitsa ndi mamiliyoni, ndipo wina akanalemba chigamulo cha khoti ngati ndalama ya ku banki akanalakwitsanso.

Sinthani madola akale akhale a lero

Gwiritsani ntchito CPI, muyeso wa kukwera mitengo kwa zinthu umene limatulutsa bungwe la boma la Bureau of Labor Statistics. Tengani nambala ya chaka chatsopano, muigawe ndi ya chaka chakale, zimene mwapezazo muchulukitse ndi ndalamayo. Nambala ya 1955 ndi 26.8, ya 1962 ndi 30.2, ya 2024 ndi 313.7. Ndiye kuti madola 100,000 a 1955 ndi pafupifupi madola 1.17 miliyoni a 2024, pamene dola imodzi ya 1962 ikufanana ndi madola 10.4. Sinthani chaka chilichonse pachokha musanawonkhetse; mukawonkhetsa kaye zaka 15 n'kuchulukitsa ndi nambala imodzi, yankho lipotoka.

CPI imayeza mtengo wa chakudya, zovala, lendi ndi zina zotero, osati mtengo wa nyumba inayake. Nyumba imene Monroe anagula ku Brentwood, mu Los Angeles, kumayambiriro kwa 1962 inali ya madola pafupifupi 75,000, ndipo ina mwa ndalamayo inali ngongole. Mwa CPI ndi madola pafupifupi 780,000 a 2024. Koma nyumba yomweyo inagulitsidwa madola opitirira 8 miliyoni mu 2023. M'chigawo chanu chachiwiri mulembe mtengo wa 1962, mutachotsa ngongoleyo.

Chuma cha masiye, ndi cha dzina

Chigawo chachiwiri chimadzazidwa ndi zikalata za khoti, osati za m'magazini. Wilo ya Monroe inalembedwa ku New York mu Januwale 1961, ndipo nkhani ya chuma chake cha masiye inayendetsedwa ndi Surrogate's Court ya kumeneko mpaka 2001. Wiloyo inasiyira mayi ake thumba lowapatsa madola 5,000 pachaka, ndi madola 10,000 kwa mchemwali wake Berniece Miracle, wobadwa kwa mayi mmodzi. Atachotsanso mphatso za anthu ena angapo, zotsala zinagawidwa pawiri mosafanana: maperesenti 75 kwa mphunzitsi wake wa zisudzo Lee Strasberg, ndi 25 kwa dokotala wake Marianne Kris, gawo limene pambuyo pake linapita ku chipatala cha ana chimene chinadzatchedwa Anna Freud Centre ku London. M'zikalata zoterezi yang'anani mitengo iwiri, wa katundu yense ndi wotsala atachotsa ngongole, misonkho ndi zolipira maloya. Nyuzipepala zimakonda kulemba woyambawo chifukwa ndi waukulu; wanu ndi wachiwiriwo.

Zonse zochitika pambuyo pa 1962 ziikeni m'chigawo chachitatu, ndipo pambali pa ndalama iliyonse lembani dzina la amene anailandira. Lee Strasberg atamwalira mu 1982, gawo lake linapita kwa mkazi wake Anna. Mu Okutobala 1999 katundu wa Monroe anagulitsidwa pa okushoni ku Christie's ku New York n'kupeza madola opitirira 13 miliyoni. Diresi imene anavala poimbira Pulezidenti John F. Kennedy mu Meyi 1962 inagulidwa madola 1.26 miliyoni pa okushoniyo, kenako inagulitsidwanso mu 2016 pa madola 4.8 miliyoni. Ndalama yachiwiriyi siinapite kwa olowa chuma chake n'komwe, inapita kwa mbali ya amene anagula diresiyo mu 1999. Mu 2011 kampani ya Authentic Brands Group inagula ufulu wogulitsa dzina lake.

Musanamalize chigawo chimenechi, fufuzani dera limene munthuyo ankawerengedwa kuti ndi kwawo pa lamulo tsiku limene anamwalira, chifukwa ufulu wa dzina ndi nkhope ya womwalira umasiyana dera ndi dera. California imauteteza, pamene New York panthawiyo sinkauteteza. Monroe anamwalirira ku Los Angeles, koma loya woyendetsa chuma chake, Aaron Frosch, anauza akuluakulu a msonkho kuti kwawo kunali ku New York, pofuna kupewa msonkho wa chuma cha masiye wa ku California. Mu 2012 khoti la apilo linagamula kuti olowa chuma sangatembenuke pa mawu amenewo, motero sangaletse eni zithunzi zake, monga banja la Milton Greene, kuzigulitsa pogwiritsa ntchito lamulo la California.