Umveni mpweya ndi chala musanaloweze fomula

Ophunzira ambiri a kemisitiri amaloweza fomula ya mpweya ya P1V1 = P2V2 (P ndi puresha, V ndi kukula kwa malo amene mpweya watenga, 1 ndi poyamba, 2 ndi pomaliza) koma osadziwa chimene ikunena. Ine ndimafuna muyambe mwaumva mpweyawo ukukankha chala chanu, masamu abwere pambuyo.

Pezani jakisoni watsopano wa 20 ml, wopanda singano. Kokani chokankhira chake kufika pa 20, mutseke kukamwa kwake ndi chala mwamphamvu kuti mpweya usatuluke, kenako muzikankha pang'onopang'ono. Poyamba chimalowa mosavuta, koma mukamayandikira pa 10 chimalimba, ndipo mukachisiya chimabwerera chokha. Mpweya sunachepe ayi. Mamolekyulu ake, tizidutswa tosaoneka timene timangothamanga uku ndi uku, apanikizika pamalo ochepa, ndiye akugunda makoma a jakisoni pafupipafupi. Kugundako ndiye puresha. Malo akachepa ndi theka, puresha imawirikiza kawiri: ngati munayambira pa 101 kPa (kPa ndi muyeso wa puresha), imene ndi puresha ya mpweya m'mphepete mwa nyanja yamchere, pa 10 ml ifika pafupifupi 202 kPa. Izi ndi zimene P1V1 = P2V2 ikunena. Robert Boyle anafalitsa lamuloli mu 1662, ndipo limagwira ntchito pokhapokha kutentha kusasinthe. N'chifukwa chake ndati pang'onopang'ono. Mpweya ukaupanikiza mothamanga umatentha.

Tsopano thirani madzi m'jakisonimo, mutseke, mukankhenso. Sichisuntha. Gawo limeneli musalidumphe chonde, chifukwa ndi limene limaonetsa kusiyana kwenikweni: mamolekyulu a madzi ndi othithikana kale, pomwe a mpweya ndi otalikirana, pakati pawo palibe kanthu.

Za kutentha n'zosavuta. Vekani baluni kukamwa kwa botolo louma, muliimike m'madzi otentha koma osawira. Baluni idzuka n'kutupa. Lisamutsireni m'madzi ozizira, igonanso. Palibe mpweya wina umene walowa; womwewo ndiwo wafutukuka chifukwa mamolekyulu akatentha amathamanga kwambiri. Ili ndi lamulo la Jacques Charles, limene Gay-Lussac anafalitsa mu 1802.

Powerengera m'pamene pamagwa anthu. Madigiri a Celsius muziyamba mwawasandutsa a Kelvin powonjezera 273. Mpweya wa 100 ml ukatentha kuchoka pa 20°C kufika pa 40°C, ambiri amalemba 200 ml poona ngati kutentha kwawirikiza. Koma ndi 293 K kufika 313 K, ndiye gawani 313 ndi 293, muchulukitse ndi 100: yankho ndi pafupifupi 107 ml basi.

Botolo lija musalitenthe lili lotseka ndi chivindikiro, ndipo chitini cha mankhwala opopera musachiponye pamoto ngakhale chikuoneka kuti chatha. Mpweya ukatentha n'kusowa kofutukukira, puresha ndi imene imakwera, mpaka chitinicho kuphulika.