Layimu wotseka timabowo ta mthirira wodontheza: momwe amayambira ndi momwe mungamuchotsere

Timabowo ta mapaipi a mthirira wodontheza tikayamba kutseka, alimi ambiri amathamangira kusintha sefa. Nthawi zina vuto limakhaladi mchenga kapena ndere. Koma mukaona zoyera zouma gwa zitamatirira pakamwa pa kabowo, sefa singakuthandizeni, chifukwa zimenezo zimadutsa pa sefa zili zosungunuka m'madzi, n'kudzaumira m'paipi momwemo.

Zoyerazo ndi calcium carbonate, yemwenso amapanga mwala wa layimu ndi zigoba za nkhono. Madzi a mvula akamalowa pansi amatenga mpweya wa carbon dioxide wochokera ku mizu ndi tizilombo ta m'nthaka, ndipo mpweyawu umawapatsa mphamvu yosungunula miyala ya layimu. Madziwo akapopedwa kufika kumtunda, mpweya uja umathawa, pH (muyeso wa asidi m'madzi, womwe umakwera asidi akamachepa) imakwera, ndipo madzi amalephera kusunga layimu yense amene ananyamula. Kutentha kumakulitsa vutoli, pakuti mosiyana ndi zinthu zambiri, layimu amasungunuka bwino m'madzi ozizira kuposa ofunda. N'chifukwa chake paipi yakuda yosiyidwa padzuwa madzi ali phee m'kati imatseka msanga.

Ofufuza akamayang'ana ndi maikulosikopu amaona kuti layimuyu sayamba ndi mwala wolimba. Nthawi zambiri pamayamba timibulu tosaumbika bwino, timene timasanduka makristalo a mitundu itatu. Vaterite amakhala wozungulira ndipo sachedwa kusintha. Aragonite amamera ngati timasingano, makamaka m'madzi otentha kapena a magnesium wambiri. Calcite ndiye wokhazikika kuposa onse, ndipo ndi amene amapezeka kwambiri m'madzi osatentha. Chofunika kwa mlimi pa kafukufukuyu ndi ichi: kuti kristalo yoyamba ipangike pamafunika madzi odzaza kwambiri ndi layimu, koma ikangopangika, layimu wina amamatirira pa iyo mosavuta. Dontho lomwe limaumira pakamwa pa kabowo mukatseka madzi limasiya kristalo yoyamba yotereyi tsiku ndi tsiku. Njira ya madzi m'kabowo imakhala pafupifupi milimita imodzi kapena kucheperapo, choncho sipafunika layimu wambiri kuti itsekeke.

Yambani ndi kutsimikiza kuti ndi layimu. Palani zoyerazo pang'ono, muziike pagalasi, mudonthezepo viniga. Zikachita thovu, ndi carbonate, kutanthauza layimu. Zikapanda kuchita thovu zingakhale gypsum (mchere wina wa calcium) kapena zotsalira za feteleza wa phosphate. Zoterera zofiirira nthawi zambiri ndi ayironi ndi mabakiteriya, ndipo mankhwala ake ndi ena.

Kenako tumizani madzi ku labotale mu botolo lodzaza mpaka kukamwa, lotsekedwa zolimba kuti mpweya usathawe. Madzi a pH yoposa 7.5 okhala ndi bicarbonate (chinthu chosungunuka m'madzi chomwe chimaphatikizana ndi calcium n'kupanga layimu) woposa mamiligalamu 120 pa lita ndi oyenera kusamala nawo. Pemphaninso nambala ya Langelier, kawerengedwe komwe Wilfred Langelier anakhazikitsa mu 1936. Ikakhala pamwamba pa ziro, madziwo amasiya layimu. Ikakhala pansi pa ziro, amamusungunula.

Popewa vutoli, tsitsani pH ya madzi kufika pa 6.5 ndi asidi. Mlingo wake musaukopere kwa mlimi wina, chifukwa umadalira bicarbonate wa m'madzi anu. Tungani malita 10 m'ndowa yapulasitiki, thirani asidi mililita imodzi ndi sirinji, takasani, yezani pH, ndipo bwerezani mpaka ifike pomwe mukufuna. Ngati pafunika mamililita 3, ndiye kuti thanki ya malita 1,000 ifuna mamililita 300. Chenjerani poyandikira mapeto: pH imatsika pang'onopang'ono bicarbonate akadalipo, koma akatha imagwa mwadzidzidzi ndi dontho limodzi. Asidi wa phosphoric ngwabwino pokhapokha pH ikatsikadi. Mukathira wochepa m'madzi a calcium wambiri, mupanga calcium phosphate amene atsekenso timabowo tomwe mukufuna kutsegula.

Mapaipi omwe ayamba kale kutseka amafuna asidi wamphamvuko. Thirirani kaye madzi wamba kuti mizu itetezeke. Mukatero lowetsani madzi a pH pafupifupi 3 kwa mphindi 30 mpaka 60, muyeze pH kumapeto kwa paipi yakutali kuti mudziwe ngati asidi wafika. Tsegulani mapeto a mapaipi, ochepa pa nthawi imodzi kuti madzi athamange, mutsuke mpaka tizidutswa toyera titasiya kutuluka, kenako thirirani madzi wamba. Onaninso malangizo a opanga mapaipi anu, poti timabowo tina timakhala ndi mphira m'kati womwe asidi wamphamvu angawononge. Kabowo kotsekeratu asidi sangakadutse. Kazuleni mukaviike mu asidi pakokha kapena muikepo katsopano. Poona ngati ntchito yagwirika, ikani kapu pansi pa timabowo tingapo: kabowo ka malita 2 pa ola kazipereka mamililita 33 pa mphindi imodzi.

Asidi amadya zitsulo, choncho mulowetseni madzi atadutsa kale pa pampu ndi zida zachitsulo. Valani magolovesi ndi magalasi oteteza maso. Thirani asidi m'madzi, osati madzi mu asidi, chifukwa amatentha n'kuthovukira kumaso. Musamuphatikize ndi klorini mu thanki imodzi. Pamatuluka mpweya wakupha.

Mapaipi akuluakulu akwirireni, ang'onoang'ono muwaphimbe ndi zinyalala za mbewu kuti madzi asafunde. Feteleza aliyense amene mukufuna kudutsitsa m'mapaipi muyambe mwamusungunula mu botolo la madzi omwewo pa mlingo womwe muthire, musiye maola 24. Madzi akachita mbuu kapena pansi pakadikha zoyera, fetelezayo asalowe m'paipi.