Kumaliza Baibulo Lonse m'Masiku 90 Muli pa Ntchito Kunja

Baibulo lili ndi machaputala 1,189. M'Chipangano Chakale muli 929, m'Chatsopano 260. Mukawagawa m'masiku 90, tsiku lililonse mukuyenera kuwerenga 13 kapena 14. Kuliwerenga lonse mokweza kumatenga maola opitirira 70, choncho ola limodzi patsiku likukwanira. Kwa munthu amene ali ku Joni, ku Cape Town kapena ku UK, nkhani yagona poti ola limenelo lichokera kuti, pakuti nthawi yambiri ili m'manja mwa abwana.

Musanatsegule Genesis, yang'anani kaye ndondomeko ya ntchito yanu. Anthu ambiri amalonjeza kuti aziwerenga asanagone, koma munthu amene waimirira maola 12 akangokhala pabedi, vesi lachitatu silifika, foni yagwera pachifuwa. Ola lija liduleduleni. Mphindi 20 mukangodzuka, zina 20 m'basi kapena m'sitima, zotsalazo pa nthawi yopuma. Ngati mumagwira usiku, m'mawa wanu ndi nthawi imene mwadzuka, ngakhale ikhale 3 koloko masana. Amene mumasamalira okalamba kapena ana, komanso alonda, musawerenge pa nthawi imene maso anu akufunika pa ntchito. Munthu amene mwapatsidwa kuti mumuyang'anire akagwa inu mukuwerenga buku la Oweruza, palibe bwana amene adzakumvetseni.

Sankhani Baibulo limodzi ndipo mukhale nalo mpaka kumapeto. Buku Lopatulika, lomwe linatuluka koyamba mu 1922, ndi limene ambiri tinakulira, ndipo mavesi amene tinaloweza tili ana ali m'mawu ake. Koma Chichewa chake n'chakale, ziganizo zina zimafuna kubwereza kawiri kuti mumve. M'makope akale mupezamonso kalembedwe koti Macitidwe ndi Cibvumbulutso, komwe kamachedwetsa diso losazolowera. Buku Loyera la 1998 limayenda msanga m'kamwa, ndipo pa ulendo wothamanga ngati uwu ine ndingasankhe limeneli, makamaka mukafika pa aneneri ndi makalata a Paulo. Palinso Mawu a Mulungu mu Chichewa Chalero. Kupeza Baibulo lachichewa losindikiza m'sitolo za kunja n'kovuta, koma pa pulogalamu ya pafoni ya YouVersion mabaibulo achichewa alipo, aulere. Likopereni m'foni pamene muli pa WiFi kuti lizitseguka ngakhale data itatha. Ena chifukwa cha tchalitchi chimene akupita kumeneko anazolowera lachingerezi. Palibe cholakwa, bola mutenge chilankhulo chimene simuima n'kumafunsa tanthauzo la mawu.

Kuwerengera pafoni kuli ndi msampha wake. Muli pakati pa nkhani ya Yosefe, uthenga wa WhatsApp walowa, mlongo wanu akufunsa ngati ndalama ija mwatumiza. Mwayankha, kenako mwaona gulu la akumpingo lili ndi mauthenga 40, mphindi zanu 20 zatha Yosefe akadali m'dzenje. Zimitsani intaneti musanayambe. Kumudzi adikira.

Nanga kuyambira pati? Njira yodziwika n'kuyamba pa tsamba loyamba mpaka lomaliza. Ubwino wake ndi woti simusokonezeka. Koma muziyembekezera izi: Genesis mumaliza m'masiku anayi mukusangalala, Eksodo ayamba bwino ndi Mose ndi Farao, kenako kuyambira chaputala 25 mulowa m'miyeso ya chihema, nsalu, mizati ndi ngowe, ndipo zomwezo zibwerezedwa kuyambira chaputala 35 mpaka 40. Pofika tsiku la 8 muli mu Levitiko, nsembe zopsereza ndi malamulo a khate. Apa ndi pamene anthu ochuluka amagwera ulesi. Ndipo poyenda chonchi, Mateyu mudzamuona patadutsa masiku 70.

N'chifukwa chake ndimalimbikitsa kuyenda m'mizere itatu nthawi imodzi. Chotsani Masalimo 150 pa Chipangano Chakale, patsala machaputala 779. Muziwerenga 9 a amenewa, Masalimo awiri, ndi machaputala atatu a Chipangano Chatsopano. Onse pamodzi ndi 14. Masalimo atha pa tsiku la 75, zinazo pa tsiku la 87, ndipo mutsala ndi masiku atatu osungira matenda kapena shifiti yadzidzidzi. Kugawa kotereku kumagwirizananso ndi ola lodulidwa lija: gawo lalikulu pamene mutu uli wopepuka, Uthenga Wabwino pa ulendo, Masalimo pamene mwatopa. Tsiku limene Levitiko wakulemerani, Marko akunyamulani.

Dziwani kuti machaputala salingana. Salimo 117 lili ndi mavesi awiri okha, Salimo 119 lili ndi 176. Obadiya yense ndi mavesi 21, pamene machaputala 9 a 1 Mafumu kapena a Yeremiya angakudyereni ola lonse. Tsiku lopepuka, pitirirani pang'ono kuti musunge za mawa. Akatolika muwonjezere masiku 10, chifukwa Baibulo lanu lili ndi mabuku 73 osati 66, ndipo mabuku monga Tobiti, Yuditi ndi Amakabeo akubweretsa machaputala ena opitirira 130.

Chimene chimagwetsa anthu okonda Mawu n'kuima pa vesi lililonse lovuta. Kuwerenga kwa masiku 90 kuli ngati kuyendera malire a munda musanaulime, khasu lidzabwera pambuyo. Mukakumana ndi chinthu chokudabwitsani, chongani ndi pensulo kapena lembani nambala ya vesi pakapepala, n'kupitirira. Mayina a mibado mu 1 Mbiri 1 mpaka 9, magawo a dziko mu Yoswa 13 mpaka 21, miyeso ya kachisi mu Ezekieli 40 mpaka 48, zonsezi ziwerengeni ndithu, koma mwaliwiro, osalimbana ndi katchulidwe ka dzina lililonse. Malo amenewa ndi amene kumvetsera kumathandiza. Mabaibulo ena pa mapulogalamu a pafoni ali ndi mawu ojambulidwa, ndipo mungamvetsere mukusita kapena mukuyenda wapansi. Ena amafunsa ngati kumvetsera kukuwerengedwa. Kwa zaka mazanamazana anthu ambiri Malemba ankawamva ndi khutu wina akuwawerengera, ndiye ine sindiona vuto, pokhapokha ngati mwafika kumapeto kwa chaputala osadziwa kuti amakamba za ndani. Zikatero bwererani.

Mudzaphonya tsiku, mwina awiri otsatizana. Musayese kubweza ngongole yonse tsiku limodzi, chifukwa machaputala 42 pa tsiku la ntchito ndi amene amachititsa munthu kutseka buku osalitsegulanso. Onjezani awiri patsiku mpaka mutapeza pamene munayenera kukhala, kapena gwiritsani ntchito tsiku la ofu. Mukatsalira kwambiri, sunthani tsiku lomaliza. Masiku 90 ndi pangano lanu lokha, mulibe m'Malemba. Pa machaputala 10 patsiku mumaliza m'masiku 120, ndipo kwa mayi amene akugwira ntchito ziwiri ali ndi mwana wamng'ono, imeneyo ndiyo nambala yanzeru.

Pezani mnzanu mmodzi kapena awiri, osati gulu la anthu 50 lomwe limasanduka la zithunzi za maluwa ndi mauthenga oti tumizani kwa anthu khumi. Aliyense azingolemba pamene wafika, basi. Ngati mnzanuyo ali ku Malawi inu muli ku South Africa, nthawi ndi imodzi. Ku UK muli kumbuyo ndi maola awiri m'nyengo yozizira ndi ola limodzi m'nyengo yotentha, choncho gwirizanani za tsiku, osati za ola.

Pali china chimene munthu wa kunja amachiona akamawerenga mothamanga chonchi, chomwe sichioneka mukamatola vesi limodzilimodzi. Bukuli ladzaza ndi anthu okhala m'dziko la eni. Abrahamu akusamuka, Yakobo akugwirira ntchito Labani yemwe akumusinthasintha malipiro, Yosefe ali m'nyumba ya bwana ku Igupto, Rute akukunkha m'munda wa anthu a mtundu wina, Danieli wapatsidwa dzina lachilendo ku Babulo. Mu Levitiko yemwe uja amatopetsa, chaputala 19 chikulamula kuti mlendo asazunzidwe, ndipo Deuteronomo 24 akuletsa kugoneka malipiro a wantchito wosauka, kaya ndi mbadwa kaya ndi mlendo. Yeremiya 29 ndi kalata yopita kwa anthu amene ankaganiza kuti abwerera kwawo posachedwa, ndipo akuuzidwa kuti amange nyumba, alime minda, apempherere mzinda umene akukhalamo, chifukwa akhala ku Babulo zaka 70. Malo ngati amenewa achongeni ndi chizindikiro chosiyana ndi cha mafunso, kuti mukadzamaliza mudzayambire pamenepo kuwerenga modekha.